Chiliza cha Thandie Chisanamangidwe

Lolemba, 2 Sepitembala

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi 14, pafupi ndi zenera lokana kutsekeka. M'mawa ndinali pabenchi langa la kaunjika ku Limbe, ndikukangana ndi kasitomala wofuna siketi ngati yaulere, kenaka mdima bii. Podzidzimuka ndinali m'minibasi, miyendo yanga ili pamiyendo pa anthu osawadziwa, wina akundikupiza ndi katoni.

Dokotala wati magazi anga ali pa 5.4, pomwe munthu wamkazi amayenera kukhala cha pa 12. Sikani yaonetsa zotupa zitatu m'chiberekero, chachikulu ngati papaya laling'ono. Ndi zimenezo zakhala zikunditayitsa magazi chaka chonsechi, ine n'kumati ndi kukula. Kukula kwa zaka 41, Mervis iwe! Opaleshoni ndi yosathawika, koma ati magazi ayambe akwera kufika pa 9.

Gadiyani wanga ndi amayi. Ayala kale katoni ndi chitenje pansi pa bedi, ndipo akangana kale ndi gadiyani wa bedi 13 pa nkhani ya beseni. Kope ili ndawatuma iwo omwe kukagula pageti. Sadziwa kuwerenga, choncho ndizilemba zanga zonse iwo ali pompano akundiyang'ana.

Asanandiike kanula, kasingano ka dilipi ka pamkono, sisita Clara anatenga buku langa la kuchipatala, nayang'ana pachikuto, n'kufunsa, "Mayi, alipo mankhwala amene thupi lanu limakana?" Ndinati palibe. Koma kukamwa kunauma gwa, ndipo amayi anatembenukira kuzenera.

Lachiwiri, 3 Sepitembala

Paketi yoyamba ya magazi, kuyambira 10 koloko mpaka 2. Mapiritsi a ayironi kawiri pa tsiku, jakisoni woletsa kutaya magazi katatu. Bipi 96/58.

Ndilembe chimene chinaumitsa kukamwa dzulo.

Mng'ono wanga Thandie anamwalira pa 9 Julayi chaka chatha. Ankangomva kupweteka pakhosi ndi kutentha thupi, basi. Anayenda wapansi kupita ku kakiliniki kolipira ka kumtunda kwathu ku Bangwe, ali ndi mwana wake Tiyanjane womunyamulira chikwama. Thupi la Thandie linkakana penisilini kuyambira ali mtsikana. Anatupapo kamodzi mpaka maso kutsekeka, ndipo kuchokera pamenepo buku lake lililonse ankalilemba pachikuto ndi bolopeni yofiira. Analowa m'chipinda, Tiya anatsala pakhonde. Theka la ola lisanathe, mayi wa ana atatu anali atapita.

A kukilinikiko akuti anafika akubanika kale, buku sanabwere nalo, ndipo iwo sanamubaye chilichonse. Zopima mtembo amalume athu a Laurenti anakana, anati mwana wa mlongo wawo sachekedwa ngati nyama ya pabutchala. Ndiye umboni wonse unatsala m'bukumo.

Bukulo ine ndinaliona. Tiya anathamanga nacho chikwama kunyumba, ine ndinachitsegula m'mawa mwake pofuna makiyi. Linali m'jumbo ya shuga, momwe ankasungira nthawi zonse kuopa mvula. Patsamba lomaliza panali deti ya tsikulo, sitampa ya kiliniki, dzina la jakisoni ndi siginecha. Sukulu ndinalekeza Fomu 2, koma mawu oti penisilini ndimatha kuwawerenga.

Masana amenewo tikumuveka, amayi anandipatsa chikwamacho. "Ika kumiyendo. Zamatenda zonse apite nazo, zisatsalire ana." Kwathu timatero, mapiritsi otsala ndi mabuku omwe amapita ndi mwini wake. Ndipo ine ndinaika. Ndi manja angawa! Mtembo uli pamphasa, ndani amaganiza za khoti?

Patatha masabata atatu, alamu anga a Raymond, amuna ake a Thandie, anapita kwa loya. Funso loyamba linali lakuti buku lili kuti. Nditawauza amayi kuti tiulule, anandifinya dzanja. "Ukangoyasamula, akamufukula mwana wanga. Ukatero usadzanditchulenso amayi." Miyezi 14 tsopano ndili chete.

Lachitatu, 4 Sepitembala

Magazi 6.1. Chizungulire chachepako, ndakwanitsa kupita kubafa mogwirira khoma.

Alamu abwera nthawi ya 12 ali ndi thonje pamkono. Achipatala anati abale akapereke magazi obwezera amene ndikulandira, ndiye iwo atseka shedi yawo yowotcherera zitsulo n'kukaima pamzere m'mawa wonse. Anaima kumiyendo kwa bedi, kapusi m'manja. Mkamwini sakhala pomwe pali apongozi ake, ngakhale m'chipatala. Amayi nawo anakhala chammbali, nkhope kukhoma. Envelopu yawo yakhaki ija anali nayo m'khwapa, yafewa ngati nsanza chifukwa choyenda nayo.

Ati a loya, mayi Mildred, awauza kuti lamulo limalola mwamuna, ana, ngakhale kholo, kusumira amene waphetsa munthu chifukwa chosasamala ntchito. Koma khoti silimva misozi, limafuna pepala. Popanda buku, ndi mawu athu kulimbana ndi mawu awo, ndipo awo ali ndi maloya awiri.

Amayi anayankhula osatembenuka. "Bambo a Tiya, munthu akapita wapita. Mufuna mudye za imfa ya mwana wanga?"

"Ayi, amayi. Ine ndimadutsa pakilinikipo m'mawa uliwonse. Munthu amene anamubaya uja akadali pomwepo, akubayabe anthu. Ndipo akuuza Bangwe yense kuti mkazi wanga anali wosasamala, woyenda wopanda buku." Kenaka anayang'ana ine. "Alamu, inu simukukumbukirako kalikonse ka tsiku lija?"

Ndinati mutu ukundizungulira, n'kutseka maso. Kaya adzandiika magazi awo enieniwo, kaya a wina, ine ndikudziwa kuti ndikulandira magazi a munthu amene ndikumunamiza. Ufiti ndi umenewu, si wina ayi.

Lachinayi, 5 Sepitembala

Paketi yachiwiri ayika madzulo, magazi achedwa kufika.

Amalume a Laurenti abwera kuchokera ku Machinjiri atavala jekete padzuwa lonseli, ndi mkate ndi nthochi. Ndi eni mbumba athu, ndipo amafuna wodi yonse idziwe. Moni wa wodwala unali wa mphindi imodzi, nkhani yeniyeni inali ina.

"Achemwali, za chiliza zija zatheka. Simenti ili kunyumba, mchenga, miyala, ndi waya womwe. Amisiri athira Loweruka la sabata ya mawa, pa 14. Ndawauza athire chokhuthala, choti ngakhale akuba mabokosi akafika angobwerera."

Amayi anaomba m'manja pang'onopang'ono, nkhope yawo n'kuwala koyamba chilowereni muno. Ine mtima unati phwii. Ndinati, "Amalume, osadikira ndituluke? Ndi mng'ono wanga uja." Anaseka. "Iwe chira kaye. Mvula siyembekeza wodwala, ndipo simenti ikakhalitsa imauma m'thumba. Udzabwera pa mwambo wovundukula mu Okutobala."

Alamu pamanda paja alibe mawu. Anasonkha nawo za simenti, koma wolamula ndi amalume ndi amayi. Simenti ndi waya zikangogona pamwamba pa Thandie, basi, nkhani yatha. Atsala masiku 9.

Lachisanu, 6 Sepitembala

Thupi lakana paketi ya dzulo. Kunjenjemera, kutentha 39.2, zidzolo m'manja. Aimitsa magaziwo, andibaya jakisoni wina. Amayi akhala akundipukuta ndi kansalu konyowa tsiku lonse, akung'ung'udza nyimbo ya kumvano. Dzanja lofewa chonchi, mutu wouma chonchija. Sindingathe kulemba.

Loweruka, 7 Sepitembala

Kutentha kwatsika, 37.4. Ndadya phala theka la kapu.

Pa bedi 15 pali Abiti Ismael a ku Ndirande, ogulitsa zitumbuwa. Awo ndi khansa ya khomo la chiberekero, akudikira kuti awatumize kwina, koma pakamwa pawo sipadwala. Abale awo akabwera ndi mpunga amagawira mzere wonse, ndipo ukakana amakutukwana mwaulemu. Lero amayi atapita kukachapa, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Inu a 14, bambo wa envelopu uja akalowa mumatseka maso. Muli naye mlandu?"

Ndinati ndi alamu anga chabe.

"Eee? Ine ndakazinga zitumbuwa zaka makumi atatu, ndimadziwa chopsa kunja chokha. Inu simukudwala chiberekero chokha ayi." Atatero anandiponyera lalanje n'kutembenukira kwina.

Ndalemba mesiji kwa alamu kanayi lero, ndafufuta kanayi. Nkhani yotere sinenedwa pafoni, komanso ndikudzinamiza, ndi mantha basi. Ine amene ndimakalipira mavenda aamuna ku Limbe mpaka kuthawa, ndikuopa nkhalamba yogona pakatoni.

Lamulungu, 8 Sepitembala

Kwaya ya mpingo wina yaimba m'wodi m'mawa, mokweza mopweteketsa mutu. Magazi 7.3.

Alamu abwera ndi Tiya pochokera kutchalitchi. Zaka 12, koma watalika, ndipo akaima amapinda mwendo umodzi ngati mayi ake. Bambo ake atapita kukalankhula ndi nesi, amayi ali kotsuka mbale, mwana anakhala pamphepete pa bedi n'kumasewera ndi paipi ya dilipi.

"Amayi aakulu, kodi pepala likagwera m'madzi, zolemba zofiira zimafufutika?"

Ndinafunsa chifukwa chake.

"Tsiku lija ndinkathamanga, ndiye chikwama chinali chotsegula. Ndikuganiza kuti ndinaligwetsa pakamlatho paja. Ndikaweruka kusukulu ndimadzera pomwepo, ndimayang'ana m'zinyalala ndi kamtengo. Adadi musawauze, amakwiya ndikachedwa." Anayankhula ngati akunena za homuweki. "Ndikanagwira bwino, bwenzi adadi atawina kale, eti?"

Mayo ine! Chaka chathunthu mwana akufukula zinyalala za Bangwe chifukwa cha ine. Ndinamukumbatira mpaka kanula kutuluka magazi. Ndinati si iwe, si iwe mwanawe, koma sindinapitirize, chifukwa pokweza maso ndinaona amayi ataima kumutu kwa bedi, mbale zikudontha madzi m'manja.

Alendo atatuluka ndinati, "Amayi, mwamva?"

"Ana amaiwala," anatero. Koma chakudya cha madzulo sanachikhudze, anapatsa gadiyani wa bedi 13 yemwe uja wa beseni.

Lolemba, 9 Sepitembala

Paketi yachitatu, iyi yalowa bwino. Dokotala wamkulu wadutsa ndi gulu la ophunzira, onse kundisinika pamimba mmodzimmodzi ngati akusankha mapeyala. Wati magazi akafika 9 Lachitatu, Lachinayi ndilowa ku fiyeta kukachitidwa opaleshoni.

Amayi atapita kukaphika kushedi ya magadiyani, ndinaimbira a loya. Nambala ndinali nayo kalekale, alamu anapatsa aliyense kuti wokumbukira kanthu aimbe. Ndinasintha mawu, ndinati ndikufunsira mnzanga wa kumsika: chinthu chofunika kukhoti chikapita ndi maliro, zimatani?

Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati khoti likhoza kupereka chilolezo chofukula, a zaumoyo ndi apolisi n'kukhalapo. "Koma mayi, ine ndinaonapo anthu akutulutsirana zikwanje pamanda. Eni mbumba akavomera zimayenda. Akakana, ndi mlandu wina pamwamba pa mlandu. Ndipo pakathiridwa simenti, sindinaonepo banja lovomera kuswa chiliza chatsopano."

Ndinafunsa ngati pepala lingakhale lidakalipo.

"Sindingalonjeze. Ngati lili m'pulasitiki, mwina. Dzinja lina likadutsa, mwinanso ayi. Mlandu suola, koma pepala limaola."

Ndinathokoza, ndikufuna kudula. Iwo n'kuti, "A Mervis." Thukuta linangoti chwee. "Nambala yanu ndili nayo, a Raymond anandipatsa chaka chatha. Ine ndine loya wawo, sindingakhale nazo zimenezi masiku ambiri. Koma ndikadakonda amve kuchokera kwa inu."

Manyazi ake! Ndinafunda chitenje kumutu mpaka amayi kubwera ndi mphika. Masiku 5.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

Anditenga magazi kawiri, ajambula mtima. Mtima ati uli bwino. Akanadziwa.

M'mawa sisita Clara akubwera ndi jakisoni, anayang'ana pachikuto cha buku langa monga mwa masiku onse. Amayi, amene salankhula ndi manesi pokhapokha podandaula, anafunsa, "Nesi, bwanji tsiku lililonse mumayamba mwayang'ana pamenepo? Simunaloweze dzina lake?"

Sisita anaseka. "Agogo, si dzina ayi. Apa ndi pamene amalemba mankhwala oti angamuphe munthu. Ngakhale nditatopa bwanji, sindibaya ndisanaone apa. Wobaya osaona ndiye kuti wapha dala."

Amayi anatenga bukulo nesi atachoka, kulitembenuza, kulisisita ndi chala, n'kulibwezera pansi pa pilo.

Masana ndinayesanso, monong'ona. "Amayi, tiwauze. Tiwauze limodzi."

"Iwe unaonapo munthu atafukulidwa? Ine ndinaonapo, ndili mtsikana ku Thyolo. Mpaka lero ndimaziona. Mwana wanga ndinamusambitsa, ndinamuveka yunifolomu yake yoyera ya kumvano, wagona. Ukufuna apolisi akamuunike ndi matochi anthu akujambula pamafoni?"

"Nanga Tiya?"

"Khala chete, anthu akumva."

Lachitatu, 11 Sepitembala

Magazi 9.2. Mawa ndine wachiwiri pamndandanda. Ndasaina fomu. Dokotala wandiwerengera zonse mosabisa: achotsa chiberekero chonse, ndikhoza kutaya magazi ambiri, ndipo pali ena ochepa amene sadzuka. Kudya komaliza ndi madzulo ano.

Ndinaganiza kuti ndikapanda kudzuka, kope lino lidzanena. Koma adzalinyamula ndani? Amayi, m'chikwama, limodzi ndi zamatenda zonse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Alamu anafika 12 itangokwana, ndi botolo la maheu. Anaima pamalo pawo, amayi pansi nkhope kukhoma.

"Alamu, khalani pansi."

"Ayi, ndili bwino chonchi."

"Buku la Thandie silinatayike. Tiya sanaligwetse. Lili m'chikwama chake, m'bokosi, kumiyendo. Ndinaika ndine, ndipo ndinali nditaliwerenga."

Sindikudziwa kuti ndinakweza mawu bwanji, koma mzere wonse unati zii, ndi wailesi ya bedi 13 yomwe anaitseka.

Amayi sanakuwe. Bola akanakuwa. Anadzuka pang'onopang'ono, napinda chitenje chawo ngodya ndi ngodya, natenga katoni, beseni, mphika ndi fulasiki. Kapu yokha anandisiyira. Ndipo koyamba chikwatireni mwana wawo, anayang'ana mkamwini wawo m'maso. "Bambo a Tiya, wodwalayu ndi wanu. Ine ndinali ndi ana aakazi awiri. Wina ndinaika chaka chatha, wina ndaika lero." Anatuluka osathamanga.

Alamu anakhala pansi, pasimenti penipeni, envelopu pamaondo.

"Miyezi 14, alamu. Ndinagubuduza nyumba yonse. Ndinang'amba matilesi. Mwana wanga ndinamugwedeza mapewa, ndikumufunsa kuti waligwetsa kuti. Ndinkabwera kwanu kudzalira, inu n'kumandithirira tiyi."

Ndinangoti pepani, mawu opanda ntchito.

Anafunsa zimene zinalembedwa patsambalo. Ndinawauza chimodzichimodzi, deti, sitampa, jakisoni, siginecha yokhala ngati mbedza. Analemba kuseri kwa envelopu. Kenaka anati, "Mukudziwa kuti ine pamanda paja ndilibe mawu. Loweruka ndi mkuja uno." Ndinati si mkuja, kwatsala masiku atatu, ngati kuti zimenezo zithandiza. Anadzuka n'kupita osatsanzika, maheu anawaiwala m'manja.

Abiti Ismael anadikira mpaka belu la alendo litalira. "A 14, chotupa chachinayi chatuluka chopanda mpeni. Zatsala zitatu." Awuza mng'ono wawo, amene ndi gadiyani wawo, kuti azindiyang'aniranso ine. Ndi iyeyo wandisambitsa madzulo ano, munthu wosamudziwa n'komwe.

Ndikuopa. Si mpeni wokha.

Lachinayi, 12 Sepitembala

7 koloko. Andiveka gauni yobiriwira yotsegula kumbuyo, andiika paipi ya mkodzo. Bipi 128/84. Pansi pa bedi palibe munthu. Ndayang'ana kukhomo mpaka khosi kuwawa. Akubwera ndi machira.

Lachisanu, 13 Sepitembala

Ndadzuka. Achotsa. Ndinataya magazi, andiika paketi ina ku fiyeta komweko. Ululu ngati andimanga waya wamoto pamimba. Jakisoni wa ululu maola 6 alionse, wopha tizilombo kamodzi pa tsiku. Madzi okha, timasipuni.

Mesiji ya alamu: a loya ati kalata ya khoti singatuluke mawa lisanafike, mwina sabata ya mawa kapena inayo. Alamuwo apita kwa amalume kukapempha kuti adikire, awathamangitsa pageti.

Amalume atumiza mawu pafoni. Ndinamvera theka. "Simenti ithiridwa mawa. Wofuna kufukula ayambe wafukula ine. Ndipo iwe Mervis, watichititsa manyazi." Za amayi palibe wanena kanthu.

Loweruka, 14 Sepitembala

Achotsa paipi. Sisita Clara wandikakamiza kuyenda mpaka kukhomo la wodi ndi kubwerera, ndikumutukwana chamumtima njira yonse. Kutentha 37.9, ati ayang'anitsitse chilonda.

8 koloko. Amisiri amayamba mamawa dzuwa lisanapse. Pano ndiye kuti akusakaniza.

10 koloko. Foni ya alamu yotseka. Ya amalume ikuitana osayankhidwa. Amayi alibe foni.

Nthawi ya alendo bedi lililonse linali ndi anthu, langa lokha ayi. Abiti anatumiza mpunga, sindinaloledwe kudya, ndinangougwira mbale yake kuti manja apeze chochita.

4 koloko. Ngati athira, yayamba kale kugwira. Ndiye kuti ndataya amayi, alamu andida, ndipo buku lili pansi pa waya mpaka kalekale. Chokhacho, Tiya asiya kupita pakamlatho. Ndikudziuza kuti n'chokwanira, koma mtima ukukana.

Lamulungu, 15 Sepitembala

Kutentha 37.2. Chilonda chouma. Phala andilola.

Amayi abwera. Analowa nthawi ya alendo isanakwane, kaya anamuuza chiyani mlonda. Analibe katoni, analibe beseni. Chitenje chinali chomwe chija anachoka nacho Lachitatu, chofiira ndi dothi kumbuyo konse. Moni sanandipatse. Anakweza gauni yanga, nayang'ana bandeji nthawi yaitali, naibwezera. Kenaka anakhala pabedi, osati pansi.

"Simenti ili kwa Laurenti, yosatsegula."

Ndinafunsa kuti zatheka bwanji.

"Dzulo ndinafika kumanda amisiri asanafike. Ndinakhala pamtumbira. Anabwera ndi mawilibala awo, ndinawauza kuti thirani, koma muthire ndi ine ndemwe. Laurenti walalata mpaka mawu kutha. Wati ndapenga, wati banja lathu likhala nyimbo ya Bangwe yense. Ndamuuza kuti iye ndi mwini mbumba, koma wagona apayu ndinamva kuwawa ndine. Takhala choncho mpaka dzuwa kupendeka, amisiri anatopa n'kumapita."

Ndinafunsa chimene chinawatembenuza. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Palibe chatembenuka. Mpaka pano sindikufuna. Koma Lachisanu ndinakhala ndi mdzukulu wanga, ndinamuuza ndekha kuti buku ndinatumiza kumanda ndine. Mwana uja sanalire. Anangofunsa kuti, agogo, ndiye munkandiona ndikufuna?" Apa anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Atachoka amisiri ndamuuzanso mwini wake. Ndati Thandie, tibwera kudzakusokoneza pang'ono, usakwiye ndi mkulu wako, wolakwa ndine."

Ndinalira, ulusi wa pamimba ukukoka ngati uduka. Ndinati, "Amayi, mundikhululukire."

"Kumeneko sindinafike. Usandithamangitse."

Anayang'ana manja awo. Kenaka analoza kope ili ndi chibwano.

"Umangokhalira kulemba. Lemba izi, ukawawerengere a loya akowo, asasinthe ngakhale liwu limodzi. Kalata ikatuluka, anthu a boma akumbe, atsegule, ndavomera. Mafoni ayi. Ana asabwere, iwenso usabwere. Ndipo mwana wanga asamugwire munthu. Wolowetsa dzanja m'bokosimo ndine."